Poika Khutu

Anafika Lachiwiri, nkhungu isanachoke pa Lizulu,
mtsikana wa jombo zafumbi, dzina lake Nagama,
tepi yoyezera m'thumba, choko atapana kukhutu.
Moni wake unali wamfupi.
Anaima pakati pa khoti lopanda munthu
n'kuomba m'manja kamodzi.
Phwa!
Khoma la kumbuyo linamuyankha mochedwa
ngati mkamwini wonyanyala.
"Mwamva?" anatero. "Chipinda chino chimabwereza mawu.
Makina akabwera adzamva mboni ziwiri
pomwe yaima imodzi."

Ine ndalemba milandu muno zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi,
chala chapakati chinapindika ndi bolopeni,
koma sindinkadziwa kuti makoma amayankha.

Anandifunsa ngati ndabwera kuchipatala.
Chigayo cha kuseriko chimayamba nthawi yanji?
Malole a kachewere akamatsika mtunda, mazenera amanjenjemera?
Mvula ikamenya malata awa, woweruza amatani?
Ndinati amadikira. Tonse timadikira.
Nanga magetsi akathima?
Ndinaseka. Iye sanaseke,
analemba m'kope: mabatire awiri.

Choko chinayamba kuyenda.
Mtanda pa tebulo la woweruza, mosavuta:
a Chinkondenji mawu awo amafika kumsika popanda thandizo.
Mtanda pa malo a loya, wina pa womasulira.
Nthambo idzere m'munsi mwa khoma, m'kati mwa paipi,
osati kudenga, kumene makoswe
anatha kale kuwerenga mafayilo athu akale.
Bokosi lojambulira likhale kumanzere kwanga,
kutali ndi dzuwa la pazenera,
kutali, anatero akundiyang'ana, ndi kapu yanga ya tiyi.
Khoma lobwebweta lija livekedwe makatani okhuthala.

Tinafika pa kabokosi ka mboni.
Anayeza kuchoka pansi kufika pakamwa
pa mwamuna woima chilili, chifuwa patsogolo,
n'kulemba mtanda pathabwa.

Ndinati, tsitsani.

Anati buku limanena apa.
Ndinati buku silinaone mayi Nasoko.
Anabwera chaka cha njala, nkhani ya munda,
mutu atazolika monga anawalangira kwawo,
akulankhula ndi zala za kumapazi.
Atafunsidwa za malire anatchula mtengo wina wake,
ndipo nthawi yomweyo lole inadutsa pamsewu.
Anawauza abwereze. Manyazi anawatseka pakhosi.
Ine ndinalemba liwu limodzi: sizinamveke.
Lilipo m'fayilo mpaka lero, m'zilembo zanga zokongola.
Munda unapita.
Kaya unali mbawa, kaya msuku, sindidziwa,
koma usiku wina ndimaumva ukuphuka m'khutu.

Nagama sanayankhe.
Analowa m'kabokosimo, anazolika,
nanong'ona kanthu kwa nsapato zake.
"Mwamva, bambo Kampanje?"
Ndili pampando wanga, ndinapukusa mutu.
Anafufuta mtanda ndi malovu pachala,
anautsitsa kutalika kwa chikhato,
anaganiza, anautsitsanso pang'ono.
"Ndipempha ya khosi lopindika," anatero,
"yoti izitsata munthu komwe wagwetsera mawu."

Pomaliza tinatuluka pakhonde.
Pali benchi la mwendo umodzi wa njerwa
pomwe womangidwa amakhala ndi mayi ake
maunyolo asanalirenso,
pomwe mkazi amauza mwamuna kuti mbuzi anagulitsa.
Nthambo inali yotsala, yokwana bwino lomwe.
Anaiyang'ana, anayang'ana benchi,
nabweza choko kukhutu.
"Apa pasakhale khutu la boma."

Anakwera minibasi ya ku Ntcheu dzuwa litapendeka.
Makina akuti abwera ndalama zikatuluka,
mwezi wamawa, kapena winawo.
Pakadali pano m'mawa uliwonse
a Kadzakumanja amasesa mozungulira mitanda ya choko
ngati akulambula pamanda a abale,
ndipo ine, mboni ikazolika,
ndimasiya bolopeni, ndimasendeza mpando,
ndimati: musafulumire mayi, lole idutse kaye.